Guluu wa nsapato ndi msana wanga

Chaka chimene makampani a boma anagulitsidwa, abambo a kunyumba ntchito inawathela, ndiye ine ndinayamba kugulitsa nsapato za salaula, zovalidwa kale, ku msika wa Kamwala. Zina zinali kubwela zoyasama kutsogolo, ndinali kuzimata ndi guluu wachikasu uja, kupaka ndi chala, chifukwa bulashi imadya guluu wambili. Nyumba yonse ku Kabwata inali kudya nsapato zomwezo.

Manje manja anayamba kuyabwa, matuza m'zala, khungu kusupuka. Apongozi anati ndi nsapato za anthu akufa. Alamu anga anati ndi sopo, koma iwo aja ngakhale mutu uwawe amati ndi sopo.

Ku chipatala ba dokota anati, "Amai, tiyesa pamsana."

Ndinati, "Odwala ndi manja, msana walakwa chani?"

Anandimata tumapulasita mizele-mizele, kalikonse ndi kanthu kake pansi: ka labala, ka mankhwala a chikopa, ka utomoni wa m'guluu. Anazungulizako ndi bolopeni. "Pamene pali kanthu kamene thupi likana padzatupa. Mubwele pa Mande. Osasamba kumsana, osakanda, osatuluka thukuta."

Mu Okutobala, anthuni. Ndipo mawa lake kunali kichenipate ya mwana wa akulu anga ku Chelstone, phwando la azimai lokonzekela ukwati. Ine pa kichenipate sindikhala pansi, a ng'oma onse andidziwa. Tsiku lija ndinangoti phee pa mphasa monga mlendo.

"Shani ba mayo," anandipatsa moni m'Chibemba mkulu wa ng'oma, "chiuno munasiya m'minibasi?"

Ndinanyamuka. Ndinavina kuyambila m'chiuno kutsika, mapewa ali nji monga ndasenza ndowa. Azimai anayesa ndi sitailo yatsopano, awili anayamba kutengela. Kunyumba ana anandiunika kumsana, tumapulasita tonse tulipo, kamodzi kokha kanapindika kona.

Pa Mande anamatula, nandiuza ndibwelenso patapita masiku awili, ati zina zimachedwa kuonekela. Nditabwela, msana wonse unali bwino kupatula malo amodzi ofiila, otupa, a timatuza. Pa utomoni.

"Si labala kapena? Onaninso bwino, ba dokota."

"Ndi guluu, amai. Muleke kuugwila."

Nsapato sindikanasiya, tikanadya chani? Ndinagula singano yokhota ndi ulusi wolimba, ndinayamba kusoka. Zoyamba zinatuluka zokhota mphuno, ndipo ndinadzibaya m'zala mwezi wonse, koma kuyabwa kunatha.