Madzi Osamba M'manja ku Seattle

Chaka chimene mawondo anga anayamba kuvuta, mwana wanga wamkazi anandifunsa kumene ndikufuna kukaona ndisanalekeretu kuyenda. Iye ndi namwino. Ndimakhala naye ku Thamesmead, kuno ku London, m'nyumba ya m'mwamba yoyang'ana kumtsinje. Anati wasunga masiku ake a tchuthi, ndingosankha. Ankayesa kuti nditchula kumudzi. Ndinati Seattle, ku America.

Anaika kapu pansi. "Adadi, kumeneko mukukatani?"

"Kukaona malo. Si ndiyo ntchito ya alendo?"

"Mukudziwa amene amakhala kumeneko."

"Mzindawo si wake."

Amene amakhala kumeneko ndi mwamuna wake. Ndikuti mwamuna wake chifukwa palibe ankhoswe amene anakhala pansi kuthetsa ukwati umenewo. Za kukhoti anasainirana pa positi, koma ine sindinakwatitse mwana wanga pa positi. Munthuyo anabwera kwathu ndi amalume ake, anagwada, tinamulandira. Atafika ku London anaphunzira sukulu mwana wanga akumudyetsa ndi kumuveka. Atamaliza anati wapeza mwayi ku America, akakhazikika adzawaitana. Anasiya ana awiri. Mkazi wanga atamwalira kuno, munthuyo sanabwere, sanaimbe foni. Mayi amene ankamuphikira, amene ankamulerera ana, analowa m'manda mkamwini wake osaponyapo dothi. Ine sukulu ndinalekera ku pulayimale, koma choipa chimene munthu wandichitira sindiiwala.

Mbale wina wa ku Chipata, amene timapemphera naye ku Edmonton, konkuno ku London, ndiye anandiuza kuti munthuyo akukwatira. Mkaziyo ndi Mmalawi. Amalume a mkaziyo, munthu wachikulire, anali atafika kuchokera kumudzi kudzayendetsa chinkhoswe, koma anakana kuyamba mwambo asanamve kuti za ukwati woyamba zinatha mwamtendere. Munthuyo tsopano ankasakasaka wa kubanja kwathu woti amuyeretse.

Ulendo wa ndege unali wautali. Titatsika tinapeza mvula yomweyo ya ku London. Ndinati tawoloka nyanja kudzanyowa kwina. Mzindawo ndi wa zitunda, misewu yake imatsetserekera kunyanja. Kumsika wawo ndinaona amuna akuluakulu akuponyerana nsomba, anthu n'kumawomba m'manja. Chakudya sachiponya. Ndinachokapo.

Mzindawo uli ndi nsanja yaitali yokhala ngati mbale yosanjikidwa pa mtengo. Ndinauza mwana wanga kuti andijambule pansi pake nditavala jekete. Chithunzicho ndinatumiza kwa mbale wa ku Chipata uja, munthu wosagona ndi nkhani m'mimba. Kutacha foni inalira.

"Bambo! Muli kuno osandiuza?"

"Ndani kodi?"

Munthu uja anadzitchula. Ndinati ndamva. Anapempha kuti adzanditenge ndi galimoto, andionetse mzinda. Ndinavomera.

Mwana wanga anati, "Ine sindimuona."

"Sindinakuitane."

Munthuyo anafika atanenepa, khosi litasowa. Anatambasula manja kuti andikumbatire ngati mnzake wa kumpira. Ndinamupatsa chikhatho. Tsiku lonse ndinamutchula akamwini, ndi ulemu wonse, ndipo nthawi iliyonse ankaseka kaseko kosafika m'maso. Anandikweza pamwamba pa nsanja ija. Anandionetsa madoko, zombo zonyamula katundu, ndi phiri loyera limene linasuzumira pang'ono m'mitambo. Ndinaona zonse. Zinali zabwino, sindinama.

Anagula khofi. Ndinati mtima wanga sulola. Anagula nsomba yokazinga. Ndinati ndadya kale. Anagula madzi a m'botolo. Ndinati ndilibe ludzu. M'thumba la jekete ndinali ndi buledi wanga wa ku hotela, ndinadya iye atapita kukasuntha galimoto. Sanazindikire kanthu. Anakhalitsa kunja, anaiwala kuti mkulu akakana chako katatu, pali nkhani.

Masana tinakwera chombo chowolotsa anthu ndi magalimoto. Mphepo inali yozizira. Tili pakati pa madzi anayamba kukanda kukhosi.

"Bambo, zakale zinapita. Tonse tinalakwitsa."

"Tonse ndani?"

"Ndikutanthauza kuti moyo ndi wovuta. Mawa kunyumba kuli alendo ochokera kumudzi. Mukanabwera tidzadyere limodzi. Simukuyenera kulankhula kanthu. Kungokuonani basi."

Ndinamva chimene ankafuna. Amalume aja akandiona ndikupisa dzanja m'mbale yake, ndiye kuti mlandu palibe. Anthu okwiyirana sadyera pamodzi.

"Ndibwera," ndinatero.

Za maliro sanatchule. Ndinadikira mpaka chombo chinakocheza tsidya lina, ndinadikiranso pobwerera. Akanangoti pepani ndi imfa ya amayi, mwina nkhaniyi ikanatha mwa njira ina. Anandiuza za mtengo wa nyumba.

M'mawa mwake mwana wanga anandisitira shati. Pondipatsa anati, "Adadi, musakachite phokoso."

"Unayamba wandimva ndikukuwa?"

Nyumbayo inali yaikulu, ya kapinga kutsogolo. Amalume aja anaimirira, tinapatsana moni wa manja awiri. Anali munthu wowonda, wa imvi, wa maso osathamanga. Tinafunsana za kwathu ndi za mvula. Ndinamukonda. Panali anthu enanso a kumpingo kwawo. Patebulo panali mpunga, nkhuku, nsomba yofiira ya kumeneko, ndi ndiwo zamasamba. Munthuyo ankayendayenda, kuuza aliyense kuti awa ndi bambo ochokera ku London.

Kenako mkaziyo anatuluka ndi beseni ndi jagi, thaulo lili paphewa. Kumeneko anthu amasamba m'manja pa mpopi, koma iye anachita za kwathu polemekeza akulu. Analeredwa bwino. Anagwada patsogolo panga, popeza ndinali mlendo wamkulu, napendeketsa jagi.

Manja anga anali pa mawondo. Anakhala pomwepo.

Mkaziyo anadikira. Madzi pang'ono anadonthera m'beseni. Anandiyang'ana, nayang'ana mwamunayo.

"Pitirirani, mayi," ndinatero.

Anasendera kwa amalume ake. Mkuluyo anali atatambasula kale manja. Anawabweza.

"Achikulire," anatero, "kodi pali mawu?"

"Alipo. Koma eni ake ndi akamwini angawa."

"Akamwini anu?"

"Sindinamvepo kuti analeka. Ankhoswe sanakhale pansi. Apongozi awo aakazi anamwalira, iwo sanafike, sanatume munthu, ndipo mpaka lero sanapepese maliro. Ine sindisamba m'manja m'nyumba yotere."

Munthuyo anaseka kaseko kake kaja. "Bambo, koma dzulo tinali limodzi tsiku lonse. Tinacheza bwinobwino."

"Munandiona ndikudya chanu?"

Ndinamuona akuwerenga m'mutu, khofi, nsomba, madzi. Nkhope inagwa.

"Kuno ndi ku America," anayamba. "Malamulo a kuno…"

"Khalani chete, bambo," anatero amalume aja, osakweza mawu. Anatembenukira kwa mkazi uja. "Chotsa madziwo."

Mkaziyo anadzuka nalo beseni. Madzi anatayikira pa kapeti. Palibe amene anadya. Nkhuku ija inazizira ife tikuiona.

Ndinatsanzika. Amalume aja anandiperekeza mpaka pamsewu, mmene amachitira munthu wodziwa mwambo. Anandifunsa chimene chingakonze zinthu. Ndinati abwere ku London ndi nkhoswe wake, akaime pamanda a mkazi wanga, kenako akakhale pansi pamaso pa mwana wanga ndi ana ake. Akatero ndidzamumasula, akwatire amene akufuna. Mkuluyo anati palibe chokhota pamenepo. Anati chinkhoswe chidikira. Anandiimikira takisi, chifukwa galimoto ya munthuyo sindikanakweranso.

Ku hotela ndinamufotokozera mwana wanga zonse. Anamvetsera ataima pawindo. Sanaseke.

"Nanga mkazi uja analakwa chiyani?"

"Palibe. Wadziwa msanga zimene iwe unadziwa mochedwa."

Kenako anatenga chikwama chake. "Simunadye. Tiyeni."

Tinabwerera kumsika woponyerana nsomba uja. Anandigulira nsomba yofiira yowotcha ndi mbatata. Ndinasamba m'manja pa mpopi wawo, ndinadya yonse, ndinapemphanso ina. Masiku otsalawo tinaona malo osungira zamoyo za m'nyanja, ndinagulira adzukulu anga zipewa.

Mpaka lero munthuyo sanabwere. Mbale wa ku Chipata akuti amalume aja anabwerera kumudzi mwambo osachitika, ndipo mkaziyo anasamuka m'nyumba ija. Chisoni ndilibe. Manda a mkazi wanga sali patali ndi pano, basi imafika pachipata penipeni. Njira ya ku London akuidziwa. Chithunzi cha pansanja chija mwana wanga anachiika m'felemu, chili pamwamba pa wailesi ya kanema. Alendo akafunsa ngati ku America ndinakasangalala, ndimati kwambiri.