Pansi pa Phiko la Ndege Yachikasu

Fungo la mafuta a ndege silifanana ndi la petulo wa galimoto. Ndi lozuna pang'ono, limakakamira kukhosi, ndipo likalowa m'nsalu silichoka ngakhale uchape kawiri. Ovolosi ya atate inkanunkha choncho masiku onse a ubwana wanga. Ankaipachika pa msomali kuseri kwa chitseko m'nyumba yathu ku Kanyama, mu mzinda wa Lusaka, fungo lake nkumasakanikirana ndi la chinyontho cha m'makoma. Ndikalimva lero ndimakumbuka nyengo yozizira ya chaka chomwe ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, chaka chomwe amayi anachoka pakhomo.

Mvula ya chaka chimenecho sinatimvere chisoni. Madzi analowa m'nyumba kufika m'mawondo ndipo anakhala masabata atatu. Bedi tinaliika pa njerwa, mbaula pa tebulo, ndipo popita kuchimbudzi tinkadumpha pa matumba a mchenga. Madzi ataphwa anasiya mzere wobiriwira kuzungulira makoma onse, ndipo mlongo wanga wakhanda, Dalitso, anayamba chifuwa chosatha. Tsiku lina m'mawa amayi anamubereka, natenga chikwama chimodzi, napita kwa akulu awo ku Matero, dera lina la mumzinda womwewo. Panalibe mkangano womwe ndinaumva. Anangonena kuti mwana sangachire m'nyumba yonyowa, ndipo ine nditsale chifukwa cha sukulu. Nyumbayo anamanga ndi agogo anga atabwera kuchokera ku Ntcheu kudzafuna ntchito, ndipo kwa atate mawu oti tisamuke anali ngati chipongwe kwa wakufa.

Tinatsala awiri. Atate ankagwira ntchito pa bwalo la ndege zing'onozing'ono: kuzitsuka, kuzithira mafuta, kuzikankha, kuzimanga zingwe kuti mphepo isazigudubuze. Anagwira ntchitoyo zaka zoposa makumi awiri, koma anali asanakwerepo ndege ngakhale kamodzi. Ankachoka kusanache nkubwera dzuwa litalowa, nkukhala pa mpando osavula nsapato. Ndiwo zathu masiku amenewo zinali tinsomba touma ta kapenta, mawa lake kapenta yemweyo.

Mu Juni eni ndege anakonza msonkhano wawo waukulu pa famu ina kumpoto kwa Lusaka, njira ya ku Kabwe, ndipo atate anauzidwa kuti akakhala komweko masiku anayi. Akanatha kukandisiya ku Matero, koma zimenezo zikanafuna kuti akagogode pakhomo la alamu awo ndi kupempha. M'malo mwake anandiuza kuti ndijombe kusukulu, nditenge juzi ndi bulangete. Tinakwera kumbuyo kwa lole pamodzi ndi migolo ya mafuta ndi amuna ena asanu, ndipo pofika pa famupo milomo yanga inali itang'ambika ndi mphepo.

Sindinaonepo zinthu zotero. Dambo lonse anali atalitchetcha, ndipo ndege zinkatera ina pambuyo pa inzake kuyambira masana mpaka madzulo, zoyera, zofiira, zamizeremizere, zina zochokera kutali monga ku Botswana ndi ku Joni. Iliyonse ikaima, eni ake ankatsika, nkudziwongola msana, nkutulutsa tenti ndi timipando topinda, nkumanga msasa pambali pa ndege yawo yomwe. Pofika tsiku lachiwiri dambolo linali mudzi, wa misewu yake, koma m'malo mwa nyumba munali mapiko. Ndinayesa kuziwerenga ndipo ndinasokonezeka, chifukwa pomwe ndinkawerenga zina zinkanyamuka, zina zinkatera.

Ife tenti tinalibe. Panali bambo wina wa ku Kitwe, ba Chanda, mwini ndege yaing'ono yachikasu imene atate ankaisamalira kwa zaka zambiri. Iwo analola kuti atate amange lona kuchokera ku phiko la ndegeyo kufika pansi, nakhomera ndi zikhomo. Ndimo tinkagona. Ziputu za udzu zinkaboola katoni yomwe tinayala, nkumatibaya m'nthiti. Moto pafupi ndi ndege unali woletsedwa, choncho mbaula ya antchito inali kutali, kuseri kwa mpanda wa ng'ombe, ndipo kutentha konse komwe unkapeza kumeneko kunkathera m'njira pobwerera. M'mawa mame ankadontha kuchokera kunsonga ya phiko, udzu uli mbuu ndi chisanu, zala zosapindika. Ndikadzuka ndinkapeza atate atapita kale, jekete lawo atandifunditsa pamwamba pa bulangete.

Tsiku loyamba ndinakondwa. Lachiwiri mutu unayamba kuwawa. Phokoso silinkaleka, ndipo ndege iliyonse ikatembenuka inkatiuzira fumbi ndi udzu wouma m'maso, m'tiyi, m'buledi. Alendo ankayendayenda ndi zipewa zazikulu, kujambulana zithunzi, kusuzumira m'mainjini a anzawo, ndipo utsi wa nyama yootcha unkabwera kuchokera ku tenti yaikulu ya pakati. Ine ndinkakhala chotsamira tayala la ndege yachikasu, ndikutsata atate ndi maso. Ankagubuduza mgolo kupita uku, wina nkuwaitana uko, asanafike wina nkuwakodola kwina. "Ba Mbewe!" Dzina lawo linkamveka dambo lonse. Zikhatho zawo zinang'ambika ndi mafuta ndi kuzizira, ndipo pakudya ankagwira kapu ndi manja awiri ngati nkhalamba. Tsiku lachitatu ndinalira popanda chifukwa chenicheni. Ndinkafuna amayi, ndinkafuna kusamba, ndinkafuna malo opanda phokoso. Atate anandiyang'ana, nandipatsa mbatata yootcha yomwe anasunga m'thumba, nabwerera ku migolo yawo.

M'mawa wa tsiku lomaliza, anthu atayamba kugwetsa matenti, ba Chanda anabwera akumwa khofi. Anazungulira ndege yawo, nagwedeza phiko, naona kuti galasi lapukutidwa kale. Kenaka anatembenukira kwa atate.

"Ba Mbewe, zaka zonse izi musuka ndeke yanga. Lelo tiyeni mukaone kumwamba."

Atate anapukuta manja pa kansanza nthawi yaitali. Ndinaona kuti akuyang'ana mpando wa m'ndegemo. Kenaka anati ntchito yachuluka, ndege zonsezi zifuna mafuta zisananyamuke, koma ngati bwana angalole, atenge mwanayu. Anagwada nandimanga mabatani a juzi mpaka m'khosi.

"Esnati, uyang'anisise. Ukaone Kanyama, ukaone na Matero. Ukabwela uniuze vonse."

Ba Chanda anandikhazika pa pilo kuti nditalikeko, nandimanga malamba, nandiveka zotseka m'makutu zazikulu kuposa mutu wanga. Phokoso lomwe linandizunza masiku anayi linasanduka kung'ung'udza kwapansipansi. Dzuwa linalowa pa galasi nkundigwera pa ntchafu, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Kanyama ndinamva kufunda. Ndikukumbuka udzu ukuthamanga, mimba ikutsalira pansi, matenti akuchepa ngati mipango yoyanikidwa. Ndikukumbuka kadontho kabuluu pafupi ndi migolo, komwe ndinaganiza kuti ndi atate. Mpando unali wofewa ndipo unkanjenjemera pang'onopang'ono. Ndinati nditsinzine kamodzi kokha chifukwa cha kuwala.

Chinandidzutsa ndi matayala akugunda pansi.

Atate anandinyamula kunditsitsa, maso awo ofiira ndi fumbi akundiyang'anitsitsa. Anafunsa ngati ndaona. Ndinati ndaona. Pa lole pobwerera anafunsanso, ndipo ndinayamba kupanga. Ndinati misewu ya m'tauni inali ngati ulusi, maminibasi ngati nyerere, ndipo msika ndinauzindikira ndi malata ake a dzimbiri. Amuna ena aja anasendera pafupi kudzamvera. Atate ankangogwedeza mutu, nthawi zina nkufunsa kanthu kakang'ono, monga ngati njanji inkaoneka. Ndinati inkaoneka. Mumtima ndinkamva ngati ndaba chakudya cha munthu wanjala nkuchitaya m'ngalande.

Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, atate sanalowere njira ya kwathu. Tinakwera minibasi ya ku Matero. Amayi tinawapeza pakhonde akusankha nyemba, Dalitso akukwawa pa mphasa, atanenepako. Analonjerana ndi atate mwaulemu ngati anthu ongodziwana kutchalitchi. Amayi aakulu anabweretsa mipando nalowa m'nyumba. Amayi anapitiriza kusankha nyemba. Kenaka atate anandigwira paphewa nati ndiwauze amayi zomwe ndinaona.

Ndinafotokoza zonse za pa lole, ndipo poti bodza likazolowera limamera nthambi, ndinawonjezera. Ndinati ndinaona denga lathu ndi miyala yotsindikira malata, ndinaona ndi mpopi wa pa kona. Kenaka ndinanena chinthu chomwe sindinachikonzekere.

"Manzi kulibe, amayi. Kanyama yonse yauma, nayangana konsekonse."

Amayi anasiya nyemba. Sanayang'ane ine, anayang'ana atate, ndipo atate anayang'ana nsapato zawo. Tsiku limenelo amayi sanabwerere nafe, koma anatiperekeza mpaka pa siteji, iwo awiri kumbuyo, ine patsogolo nditabereka Dalitso. Anadzabwera mu Sepitembala kutayamba kutentha. Mvula yotsatira isanagwe tinasamukira ku Chazanga, kumtunda, ndipo nyumba ya agogo atate anaisiyira msuweni wawo. Tsiku losamuka anazula msomali wa ovolosi nauika m'thumba.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira zinthu ziwiri: kuti bodza langa ndi lomwe linabweza amayi, komanso kuti ndinawononga ulendo umodzi wokha womwe atate anapatsidwa m'moyo wawo, pakuti mwayi wina sunabwerenso. Sindinaulule. Atate atamwalira, ine ndili kale ndi ana anga, tinali kulongedza zovala zawo ndi amayi pamene ndinawauza. Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Anati ba Chanda anawauza atate nthawi yomweyo kuti mwana anagona asanadutse mpanda wa ng'ombe, ndipo ku Lusaka sanapiteko nkomwe, anangozungulira famuyo kangapo mwakachetechete nkutera. Atate anawauza amayi zimenezi Lamulungu lomwelo panjira ya ku siteji, ndipo kunali kuyankhulana kwawo koyamba patatha miyezi itatu. Za kusamuka anayamba kukambirana tsiku lomwelo.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti atate ankafuna kumva za kumwamba. Tsopano ndikuona munthu wotopa, wosadziwa poyambira, amene anapita kwa mkazi wake atatenga chinthu chimodzi chokha chomwe anali nacho, mwana woti ayankhule. Ndinawafunsa amayi ngati atate sanadandaulepo kuti mpando wawo unapita pachabe. Anapinda malaya omaliza nawaika pa mulu.

"Iyayi. Anangoti bola mwana anagonako."