Kabowo ka fulopi komwe ndinamanga popanda waya

Ntchito yanga yoyamba inabwera kudzera kwa azakhali anga, omwe amagulitsa zovala zogwiritsidwa kale ntchito, za salaula, pamsika wa Petauke. Ndinali nditamaliza kakosi ka makompyuta ku Chipata, ndipo ndinakhala miyezi isanu pakhomo ndikungopukuta fumbi pa satifiketi. Azakhali anamva kuti a Tembo, eni kashopu komanga ndi kukonza makompyuta kuseri kwa siteshoni ya mabasi, akufuna munthu. A Tembo anandilemba tsiku lomwelo, pepala langa osaliyang'ana n'komwe. Zimenezo sizinandikhazike mtima pansi. Wokulemba ntchito mothamanga chotero amakhala ndi chake chimene akubisa, ndipo ine kukayikira ndinabadwa nako.

Ntchito yokha anandiphunzitsa bwino, pamenepo sindingawanamizire. Usanagwire kanthu umayamba wakhudza chitsulo cha kesi, bokosi la kompyutalo, kuti magetsi a m'thupi asawononge zipangizo. Pulosesa umaikhazika pa mazabodi, thabwa lolumikizapo zipangizo zonse, osakanikiza, n'kupakapo phala loziziritsa laling'ono ngati njere ya mpunga, kenaka fani pamwamba. Ramu umaidinikiza mpaka timano ta m'mbali titalira. Ukatero umamanga mazabodi m'kesi ndi sikuludalaiva ya nyenyezi, n'kulumikiza hadi disiki ndi pawa sapulayi.

Chomaliza ndicho chinkandinunkha. Pansi pa tebulo panali katoni yodzaza madalaivi a fulopi, aja owerengera madisiki akale, ozulidwa m'makompyuta akufa. Pa kompyuta iliyonse ndinkayenera kutenga imodzi, kuipukuta kumaso ndi sipiriti, kuimanga kutsogolo kwa kesi, basi. Waya ayi. Mamazabodi a masiku ano alibe ngakhale malo olumikizapo fulopi. Nditafunsa, a Tembo anayankha osasiya kutafuna chinangwa chawo.

"Anthu a kuno akaona kutsogolo kulibe kabowo, akamba ati mwachotsako vinthu. Ikani chabe. Kulibe amene asewenzetsa ivo."

Bodza lawo linali ndi miyendo. Makasitomala athu anazolowera makompyuta akale a m'maofesi a boma, ndipo ndinkawaona ndi maso anga akuyendetsa chala pa kabowoko, n'kugwedeza mutu kuti katundu ndi wathunthu. Iwo ankakayikira ife, ine ndinkakayikira a Tembo, koma madalaivi ndinkamangabe.

Tsiku lina kunabwera a Mbewe, katekisiti wa ku Luembe. Anali mmodzi mwa anthu amene anathawa nkhondo ku Mozambiki ali achinyamata, n'kukhazikika kuno. Tchalitchi chawo chinali chitapeza magetsi a dzuwa, ndipo ankafuna kompyuta. Munthu ameneyu ankandiposa kukayikira. Anakana mpando, anaima pambali panga kuyambira pa pulosesa mpaka kutseka kesi, akufunsa dzina la kachipangizo kalikonse. Chinthu chimodzi chokha sanachione: a Tembo anawaitanira panja kukaona ma sikirini pamene ndinkamanga dalaivi ija. Atabwerera analoza kabowoko n'kufunsa ngati kakugwira ntchito.

"Vonse visewenza, bambo," anatero a Tembo.

A Mbewe sanakhutire, anatembenukira kwa ine. Ine ndinayamba kupukuta sikuludalaiva yomwe inali yoyera kale.

Patapita masabata awiri anatsika minibasi ya ku Nyimba atanyamula kompyutayo pamutu, yokulungidwa m'chitenje. Anati anaikamo disiki, inalowa movutikira, anaikankha ndi chala, ndipo sinatulukenso. Ndinafunsa chimene chinali pa disikiyo, ndikupemphera kuti akhale makalata wamba. Anali mabuku a ubatizo a ana onse obadwira pamalo a othawa nkhondo: dzina, makolo, tsiku lobadwa. Wansembe wina, malemu, ndiye anawataipa. Buku lenileni la mapepala linadyedwa ndi chiswe kalekale. Ambiri mwa ana amenewo, omwe tsopano ndi akuluakulu, alibe umboni wina wosonyeza kuti anabadwira m'dziko lino, ndipo sabata imeneyo mayi wina ankafuna kalata ya ku tchalitchi kuti akakonzetse mapepala ake. A Mbewe anasunga disikiyo zaka zonsezi m'chitini, yokulungidwa m'nsalu, kudikira kompyuta yokhala ndi kabowo.

A Tembo anandinong'oneza kuti ndiwauze a Mbewe kuti ndi magetsi awononga, kenaka anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi katundu ku siteshoni.

Ine ndinatsegula kesi pamaso pa a Mbewe. Sanafunikire kosi ya ku Chipata kuti aone kuti kumbuyo kwa dalaivi kunalibe waya ngakhale umodzi. Ndinaimasula, ndinachotsa chivundikiro chake. M'kati munali dzimbiri ndi kachisa ka dothi ka mavu. Disiki inalowa ndi kuphwanya kachisako, kachitseko kake kachitsulo kanapindika, ndipo mchenga unalowa m'kati. Ndinaitulutsa pang'onopang'ono, ndinaongola kachitseko ndi kapulayazi, n'kuuzira mchenga ndi kapampu ka mphepo. Pa kagudumu kakuda ka m'katimo panali mzere wokalika.

Ndinali ndikuganizira kwa nthawi ndithu kuti m'dilowa imene a Tembo ankakonda kukiya muli chowerengera fulopi cholumikiza pa USB. Tsiku limenelo anaiwala makiyi patebulo. Chinalimo, chatsopano, chikadali m'pulasitiki. Akanangowagulitsa chimenechi poyamba, nkhani yonseyi sikanakhalapo.

Pa disikiyo panali mafayilo atatu. Loyamba linatseguka. Lachiwiri linatseguka nditayesa kanayi, ndipo ndinawakopera onse awiri pa hadi disiki ndi pa fulashi. Lachitatu, la zaka zomaliza, linakana. Ndinayesa mpaka dzuwa litapendeka. Dzina la mayi uja linali m'menemo.

A Mbewe sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anakulunga kompyuta yawo m'chitenje, n'kundiyang'ana.

"Aja ni ogulitsa, n'nawadziwa. N'chifukwa chake n'nayang'ana imwe, amai."

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Kwa a Tembo ndinakhalako miyezi ina itatu, koma dalaivi yakufa sindinamangenso, ndipo iwo sanayerekeze kundikakamiza. Loweruka lililonse ndinkakwera minibasi kupita ku Nyimba, kuchoka apo panjinga mpaka ku Luembe, kuti tikalembenso fayilo lotayikalo. A Mbewe ankayenda khomo ndi khomo kufunsa makolo ndi aja anaimirira ana pa ubatizo, ine ndikutaipa zimene akumbukira. Mayi uja anapeza mboni ziwiri, koma anadikira chaka chathunthu.

Lero ndili ndi kashopu kanga ku Nyimba. Wondifunsa ngati fulopi ikufunikabe pa kompyuta yatsopano ndimamuuza kuti ayi, koma ndimayamba ndamufunsa chimene wasunga kunyumba. Ndipo kasitomala akandiyang'ana kudikira yankho, ndimayankha. M'fayilo limene tinalembanso ndi a Mbewe muli mizere ina yokhala ndi dzina la mwana lokha, chifukwa amene ankadziwa tsiku lake lobadwa anamwalira tisanafike.