Kambedza ka Pamwamba pa Oros

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene bambo anga, mlaliki wa mumpingo wathu kwa Mkhumba, anaganiza zondiphunzitsa Chigiriki cha m'Baibulo. Iwo anachiphunzira okha m'buku lothothoka chikuto limene m'busa wina anawasiyira posamuka. Linkanunkha utsi ndi mankhwala a anankafumbwe.

Loweruka lina masana, anzanga akupita ku mpira, anandikhazika pakhonde. Tinayamba ndi mawu akuti oros, ndiye kuti phiri. Anati m'Chigiriki mayina a zinthu ali m'magulu, aamuna, aakazi ndi apakati, ndipo oros ndi wonyenga: mathero ake amaoneka aamuna koma ndi wapakati, n'chifukwa chake timayamba ndi kamawu ka gulu lapakati, to, n'kumati to oros. Mapiri akachuluka timati ore. Lilime langa linkangoti "olosi", iwo n'kumaseka chamumtima.

Kenako anati ndilembe. Pamwamba pa chilembo choyamba pamakhala kachizindikiro konga kambedza, ndipo ine ndinakalemba kotembenuka. Anati kakatembenuka mawuwo amayamba ndi kampweya, ndiye ndalemba horos, malire, osati phiri. Ndibwereze kakhumi.

Mtima wanga ndi wapachala kuyambira kale. Ndinaponya pensulo pabwalo.

"Phiri ndi ilo, bambo," ndinatero ndikuloza Michesi. "Mbuzi zomwe zikulidziwa popanda Chigiriki."

Ndinkayembekeza mbama. Sinabwere. Anatsika, kutola pensulo, kuipukuta fumbi pa thalauza. Ndiyeno anandiuza kuti bambo awo, atathawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, anafera kuno akulakalaka Namuli, phiri la kwawo ku Mozambiki. Iwo anawalonjeza kuti adzakaliona m'malo mwawo, koma mpaka tsikulo anali asanawoloke malire.

"Kwa ife Alomwe, phiri ndi malire zimasiyana pang'ono chomwechi," anatero. "Pita ku mpira wako."

Ndinathamanga, mumtima ndikuti ndapambana. Sanandiitanenso. Ndinkawaona akuwerenga okha pakhonde, milomo ikugwedera, kampando kena kali pambali pawo kopanda munthu. Kangapo konse ndinafuna kukakhalapo, koma ndinkangodutsa osapepesa. Ndinkadikira kuti ayambe ndi iwo. Chaka chotsatira ndinapita ku sekondale yogonera komweko, kenako ku ntchito ku Blantyre. Anamwalira tikudikiranabe. Ku Namuli sanafikeko.

Ndazindikira mochedwa. Munda wathu unali kachidutswa, ana tinalipo asanu ndi mmodzi, ndipo chimene akanandipatsa ine ndekha chinali cha m'mutu mwawo basi. Kundikwapula sikunawakanike, bambo aja mkono anali nawo. Ankadziwa kuti munthu sumumenya kuti alandire cholowa.

Lero ndapitirira msinkhu umene anali nawo tsiku lija. Ana anga ndimawakalipira ngati mbuzi, iwo amangondiyang'ana. M'Chigiriki chonse ndimadziwa phiri ndi malire, ndipo palibenso woti ndingamufunse mawu achitatu.