Tsiku limene apongozi anadzatenga buku lawo

Pamene imakwana seveni koloko m'mawa wa Loweruka lija, a Zala anali atafika kale pakati poluka mutu wa anesi, kasitomala wawo wa nthawi zonse, chipeso chili kukamwa, meshi ili paphewa. Saluni yawo ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya zitsulo: mipando itatu, benchi ya odikira, galasi long'aluka pakona ndi shelefu ya mafuta. Dzina loti a Zala anawapatsa ndi makasitomala, poti zala zawo zikagwira tsitsi sizipuma, ngakhale mwini wake ali pa mkangano.

Foni inalira. Anali amuna awo.

"Amayi akwera basi. Afika cha m'ma teni, ndipo akuti uwakonzeretu buku lawo lija."

Chipeso chinagwa pansi.

Bukulo linabwera chaka chatha. Apongozi a a Zala, amayi a amuna awo, ndi mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo sanaiwalepo kuti mwana wawo anakwatira mkazi wolekeza sukulu ku pulayimale. Atabwera kudzacheza anatulutsa m'chikwama chibuku chachizungu cholemera ngati njerwa ziwiri, masamba chikwi ndi mazana atatu. Nkhani yake ndi ya banja lina la ku India: gogo wamasiye, ana ake aamuna atatu ndi akazi awo, onse m'nyumba imodzi, khitchini imodzi, makiyi onse ali m'chiuno mwa gogoyo.

"Uwerenge, mwana wanga," anatero apongoziwo, akumwetulira ndi mano okha. "Uone m'mene anzako kunjaku amalemekezera apongozi awo. Ndikadzabweranso udzandiuze zimene waphunziramo."

A Zala anayesa ndithu. Tsamba loyamba linawadyera masiku atatu, ndipo munali mayina khumi ndi anayi, onse pachibale. Buku linapita pashelefu kukakhala ndi mafuta.

Tsiku lina anesi analitenga podikira. Anakhala maola asanu osagwedeza khosi, mizere ya tsitsi inatuluka yowongoka ngati yojambula. A Zala, amene palibe chimawanyansa ngati mutu woyendayenda, anaona kuti apeza mankhwala. Koma buku linali limodzi, mitu yambiri, ndipo pabenchi panayamba kulimbirana. Iwo sachedwa ndi vuto. Anatenga lumo, nadula msana wa buku m'zidutswa zisanu ndi zitatu, chilichonse nachisoka ndi ulusi wosokera wivi, nalembapo nambala ndi utoto wa zikhadabo. Malamulo anaika awiri: chidutswa sichituluka pakhomo, ndipo wowerenga azifotokoza mokweza zimene zikuchitika, kuti wolukanso amve.

Tsono aliyense ankangotola chidutswa chimene wachipeza. Anesi anawerenga chachisanu ndi chimodzi, nalira maliro a malume wina wa m'banjamo mpaka misozi kunyowetsa nsalu ya pakhosi. Sabata yotsatira anatola chachiwiri, n'kumupeza malume yemweyo akunyambita zala paukwati.

"Iii! Kodi anthu a kumeneku amauka?"

Apolisi, mayi wamtali wa pasiteshoni yapafupi, sankakondwa ndi m'mene banjalo linkayendetsera milandu. "Masamba mazana awiri kufunafuna kiyi! Akanabwera kwa ife, nkhaniyi ikanatha pa tsamba la teni." Akazi a abwana a kubanki sanatsegulepo chidutswa chilichonse, koma ankati bukuli n'lakuya kwambiri, anthu wamba sangalimvetse. Amene anali ndi maganizo ambiri kuposa onse ndi mayi wa tomato wa pakhonde, yemwe Chizungu sawerenga n'komwe. Iye ankaima pakhomo ndi beseni lake n'kumagamula: uyu ndi hule, uyo amulodza, gogoyo ndi wouma mtima koma anyamata akewo ndi zitsiru. Kawiri konse makasitomala analeka kulankhulana, wina akuikira kumbuyo gogo wa m'chidutswa choyamba, mnzake akutukwana gogo wa m'chachisanu, osadziwa kuti ndi nkhalamba imodzimodzi.

A Zala ankangomvetsera, zala zikuyenda. Za mawa ndi zadzulo ankazilumikiza okha m'mutu, monga amalumikizira meshi ku tsitsi lalifupi.

Lero tsono mwini buku anali m'basi. Pofika naini koloko benchi inali itadzaza, ndipo aliyense anali ndi nzeru.

"Nenani kuti linabedwa," anatero apolisi. "Lipoti ndikulemberani pompano."

"Ayi, nenani kuti mwana anang'amba," anatero anesi.

"Mwana wake uti wong'amba n'kusokanso?" anafunsa mayi wa tomato.

A Zala anayesa kumata zidutswazo ndi guluu wa zikhadabo. Zinagwirana ziwiri zokha, chachitatu ndi chachisanu ndi chiwiri, chinanso chozondoka. Anazilekanitsanso ndi lumo. Sankaopa kukalipiridwa. Ankaopa mawu aja amene apongozi akanawanena modekha pamaso pa anthu onsewa, ndi kukawabwereza kwa alamu awo zaka khumi zikubwerazi: kuti munthu wosaphunzira ukam'patsa buku amaliyesa nsalu.

"Madzi akatayika saoleka," anatero pomaliza. "Asisi, khalani bwino, ndimalize mbali iyi."

Apongozi analowa teni itangopitirira, ambulera m'manja, magalasi pamphuno. Analonjerana bwinobwino.

"Nanga buku langa?"

"Ndi ili, amayi," anatero a Zala. "Ndi ilo ali nalo apolisi. Ndi ilo lili pamiyendo pa anesi. Lina alikhalira akazi a abwana."

Apongozi ananyamula chidutswa chimodzi ndi zala ziwiri, ngati akunyamula khoswe wakufa.

"Ndinadziwa ine," anatero. "Chabwino. Poti kudula wadula, tandiuza zimene waphunziramo."

A Zala anayamba, zala zili m'mutu mwa anesi. Anayambira pa imfa ya mwamuna wa gogo, nalongosola ana atatu ndi sitolo yawo ya nsalu, ndi m'mene akazi awo ankadzukira m'mamawa kukagwira mapazi a gogoyo asanayatse moto.

"Ehe!" Apongozi anayang'ana benchi yonse ngati kalasi. "Mwamva? Mapazi!"

"Eya, amayi. Mpaka tsiku lija anamubera makiyi akusamba, n'kukadulitsa ena kumsika."

"Zimenezo mulibemo."

"Zilimo, mayi," anatero apolisi. "Chidutswa chachinayi. Ndinafufuza ndekha."

A Zala anapitiriza. Ananena za khoma limene abalewo anamanga pakati pa khitchini, mbaula kugwera mbali ina, mpopi mbali ina. Ananena za malume uja, nthawi imene anafa yeniyeni. Ananena m'mene gogo anagulitsira nyumba yonse mwakachetechete, iwo akadali kukangana za khomalo, n'kukwera sitima kupita kwa mwana wake wamkazi. Pabenchi anthu anatsegula kukamwa: nkhani yawo yomwe, koma aka kanali koyamba kuimva itaima ndi miyendo pansi, mutu m'mwamba.

Apongozi anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso.

"Kodi mayi," anafunsa mayi wa tomato ali pakhomo, mosaopa kanthu, "inuyo munalekezera pati?"

A Zala ankadziwa yankho. Tsiku lolandira buku anaona okha kuti masamba odetsedwa ndi zala za apongozi anathera pa tsamba la eyite, kumene akazi aja akadali kugwira mapazi. Otsalawo anali oyera ngati a m'sitolo. Mawu anafika pamlomo. Koma anaona manja a nkhalambayo akufinya ambulera.

"Amayi anawerenga kalekale, ife tisanabadwe," anatero. "Mabuku awerenga ambiri, sangasunge onse. Anesi, tasunthani. Amayi, khalani apa, tsitsili ulendo waliwononga."

Apongozi anaima kanthawi, kenako anakhala.

"Tandipatsani chachinayicho," anatero. "Ndidzikumbutse."

Anakhala maola anayi osagwedeza khosi. Kawiri anamveka akuti "Zitsiru!" ndipo kamodzi anaseka mokweza pamene akazi aja ankadulitsa makiyi kumsika. Pochoka anadziyang'ana pagalasi mbali zonse ziwiri, naika chachisanu ndi chachisanu ndi chimodzi m'chikwama. Lamulo la pakhomo palibe analikumbutsa, ngakhale apolisi.

"Unadula mokhota," anauza a Zala. "Zotsalazo ndidzatenga mwezi wamawa. Udzandilukenso kangati kameneka."

Lachiwiri lake, a Zala atamva kuti ine, kasitomala wawo, ndikulemba za iwo, anaimitsa zala, zomwe sizichitikachitika.

"Lembani zonse, asisi, za lumo ndi za guluu zomwe. Koma musalembe kuti amayi anagonja. Mulembe kuti anandikhululukira. Mwezi wamawa akubweranso, ndipo wokawalandira kubasi ndine."