A Mwanaidi Idrisa Anali Atatu

Achimwene anga a Lucius akakhala pa laputopu, mutha kuwavula nsapato osamva. Amakonza mafoni pa Balaka, koma mtima wawo wonse uli pa kapulogalamu kamene analemba okha, kosungira mayina a anthu olandira chimanga cha chithandizo. Anakaika poyera pa intaneti, kaulere, kuti aliyense wodziwa ntchitoyi azikonzako. Anabweradi anthu asanu odzipereka, osalipidwa, aliyense ndi zake kumutu.

Chaka cha njala ija ya 2016, kabungwe kena kanatenga pulogalamuyo kuti kagawire chimanga ku Ulongwe. Apa ndiye achimwene anapanikizika. Inkafunika kugwira popanda netiweki, ndipo kunatsala masabata atatu. Koma odzipereka aja, uyu akufuna mapu amitundumitundu, uyo akufuna kusintha maonekedwe. Ukawakaniza akuthawa, ukawalola ntchito yeniyeni yaima. Kusiya sakanatha, poti mayina a midzi khumi anali atalowa kale. Ndinkawaona akuonda, ndipo sinali njala yokha.

Mwa anthuwo munali Fauziya Haruna, mphunzitsi wa ku Nayuchi, amene ankapalasa njinga kukasaka netiweki kufupi ndi njanji. Anatumiza ntchito ya mwezi wathunthu, yoyamba ndi mawu onse a pulogalamuyo m'Chiyao. Achimwene anangoona mutu wake n'kuyankha kuti, "Za Chiyao si za pano. Ndatseka."

Zinandikwiyitsa. Ndinati, "Achimwene, munthu wavutika mwezi wonse, ngakhale kazikomo?"

"Iyayi, Scholastica, nthawi ndilibe. Ndikatsegulira mmodzi, alowa onse."

Fauziya sanalembenso.

Tsiku logawa ndinapita nawo. Pulogalamu inagwira bwinobwino popanda netiweki, achimwene mpaka kumwetulira. Komatu anali ataikamo lamulo loti dzina likaoneka kawiri m'mudzi umodzi, lachiwirilo lifufutike, poopa olembetsa kawiri. Kwathu ku Rivirivi zinali zitayenda bwino. Kuno, a Mwanaidi Idrisa anaitanidwa, anasenza thumba lawo n'kumapita. Kenaka anafika a Mwanaidi Idrisa ena, a ana anayi. Kenaka enanso, mwana kumbuyo. Anali anthu atatu osiyana, mudzi umodzi. Lole inali itabweretsa matumba molingana ndi mndandanda, ndendende. Mabanja makumi anayi anabwerera chimanjamanja dzuwa likuswa mtengo, ndipo achimwene anangoima pamenepo, laputopu m'manja, osatha kuyang'ana munthu kumaso.

Tili mu minibasi yobwerera, anatsegula ntchito ya Fauziya ija n'kuiwerenga mpaka pansi. Kumapeto kwa Chiyaocho, iye anali atakonza kale lamulo lija, n'kulembapo kuti: "A Lucius, kwathu kuno mayina amafanana kwambiri. Musafufute munthu, muzifunsanso dzina la mayi ake."

Ndinafuna kuwakalipira, koma ndinawamvera chisoni.

Anamulembera Fauziya kanayi kupepesa, koma iye sanayankhe. Ntchito yake anailowetsa yonse, ndi Chiyao chomwe, ndipo dzina lake lili pamwamba pa lawo. Mpaka lero achimwene akadali pa pulogalamuyo. Kuisiya amalephera, ndipo chilichonse chimene munthu watumiza amachiwerenga mpaka pansi, ngakhale chikhale cha mapu.

Lole ina inabwera patatha masabata asanu. A Mwanaidi achiwiri aja anafika pa tebulo, achimwene n'kuwerenga pa laputopu kuti, "Ana anayi."

"Lembani atatu," anatero mayiwo.