Wodi ya Matimati ya a Nesi

Alamu anga anagwira ntchito ya unamwino zaka makumi atatu, ndipo mpaka lero aliyense amangowatchula kuti a Nesi. Atapuma pa ntchito, analowa gulu la alimi ongoyamba kumene, lomwe limabwereketsa timinda kuseri kwa sukulu. Lamulo linali limodzi: ukapanda kukolola chaka choyamba, kamunda kako kapita kwa wina. A Nesi anali asanagwirepo khasu chibadwire, koma kamundako ankakafuna ndi mtima wonse, poti kungokhala pakhomo kunkawadwalitsa.

Gulu lakelo, abale inu! Munali dalaivala wa minibasi, wometa tsitsi, telala woyeza mizere ndi tepi, ndi ineyo amene ndinatopa ndi choko.

A Nesi anafesa matimati, ndipo anamera onse mothithikana. Mlangizi wathu wa zaulimi atawaona anati, "Mayi, patulirani. Zulani tofookati, apo ayi zifa zonse."

"Ndizule chifukwa chofooka? Kuchipatala wofooka ndi amene timayamba naye!"

Anakana kwa masabata awiri. Mbande zinangotalika zoonda, masamba achikasu. Ine mtima unandipsa, sindinama. "Alamu, kamundaka akulandani chifukwa cha chifundo chanucho. Matimati alibe achibale odzakudandaulani!"

Nzeru anaipeza ndi wometa. "A Nesi, kuchepetsa ndiye ntchito yanga. Ine ndizizula, inu muziwagoneka odwalawo."

Basi, a Nesi anadula mabotolo apulasitiki, nawandandalitsa pansi pa mtengo, mbande imodzi m'botolo limodzi. Malowo anawatcha wodi. M'mawa uliwonse ankayendera botolo lililonse, n'kumatembenuza masamba. Tinawaseka mpaka nthiti kuwawa.

Sitinaseke nthawi yaitali. Dalaivala uja, munthu wa phuma, anathira feteleza ngati akudzaza thanki, mbande zake zonse n'kupsa. Nthawi yofesanso inali itadutsa. Anabwera ku wodi chipewa chili m'manja.

A Nesi anasankha mabotolo makumi anayi. "Awa achira, atengeni. Koma feteleza ndi mankhwala, bambo. Kasupuni kamodzi, osati thumba lonse."

Onse awiri anakolola, ndipo palibe amene analandidwa kamunda. Matimati oyamba kupsa, dalaivala anawatula kwa a Nesi ndi manja awiri, iwo misozi mbwembwembwe.

Masiku ano mlangizi yemwe uja akaona mbande zofooka sanenanso zotaya. Amangoti, "Pitani nazo kwa a Nesi."